Esther Vergeer ndi Muyeso wa Ukatswiri

Pa 12 Febuluwale 2013, mumzinda wa Rotterdam ku Netherlands, mayi wa zaka 31 dzina lake Esther Vergeer analengeza kuti wasiya kusewera tenisi. Pa tsikulo n'kuti atatha zaka khumi zathunthu asanagonjepo pa masewero a mmodzimmodzi. Wotsiriza kumugonjetsa anali Daniela Di Toro wa ku Australia, mu Januwale 2003 mumzinda wa Sydney. Kuchokera pamenepo Vergeer anapambana masewero 470 motsatizana, ndipo anatuluka m'bwalo mndandanda umenewu usanaduke. Masewero onsewo anawasewera atakhala panjinga ya olumala.

Mfundo yotsirizayi ndi imene imasokoneza anthu. Ena akangoimva amagwidwa chifundo, nayamba kuyamikira mtima wake wolimba, osafunsanso kuti ankamenya bwanji mpira kapena ankalimbana ndi yani. Ena amangoti, "Oho, kani ndi tenisi ya olumala," n'kusintha nkhani. Magulu awiriwa amaoneka ngati otsutsana, koma amagwirizana pa chinthu chimodzi: onse amamuchotsa Vergeer pamndandanda wa akatswiri a tenisi n'kumuika pakona yakeyake, pamene palibe womuyerekeza naye. Kumeneku n'kulakwa. Vergeer ayenera kuwerengedwa pakati pa akatswiri aakulu koposa amene masewerawa anakhala nawo, ndipo ulemu womuyenera ndi womuika pa sikelo yomweyo imene amayezera ena onse, kuphatikizapo mafunso ake ovuta.

Vergeer anabadwa pa 18 Julaye 1981 m'tauni ya Woerden, ndipo zaka zake zoyamba ankayenda ndi kuthamanga monga mwana aliyense. Anayamba kudwala ali wamng'ono, ndipo madokotala anapeza kuti mitsempha ya magazi yozungulira fupa la msana sinali bwino. Mu Malichi 1990, ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, anamuchita opaleshoni yaikulu imene inapulumutsa moyo wake koma inasiya miyendo yake yosagwira ntchito. Akale anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza, ndipo mbiri ya mtsikanayu ikuchitira umboni mawuwo. Pa nthawi imene ankaphunzira kukhala moyo watsopano panjinga, anaphunziranso masewera angapo. Basketball ndi imene anayamba kutchuka nayo, moti anali m'timu ya dziko la Netherlands imene inatenga chikho cha ku Ulaya mu 1997. Chaka chotsatira anasankha kuika mtima wonse pa tenisi, ndipo pofika mu 1999 anali atakwera kale pa nambala 1 pa dziko lonse. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuisunga: asanakhale katswiri wa tenisi anali kale katswiri wa masewera ena. Thupi lake, maso ake ndi nzeru zake zinali za munthu wa mpikisano.

Amene sanaonerepo tenisi ya panjinga amaganiza kuti ndi masewera ofewetsedwa. Kunena zoona, bwalo ndi lomwelo, m'litali ndi m'lifupi momwe. Ukonde ndi womwewo, mpira ndi chomenyera chake ndi zomwezo, ndipo kawerengedwe ka mapointi sikasintha. Kusiyana kwakukulu n'kumodzi: mpira umaloledwa kugunda pansi kawiri usanabwezedwe, ndipo kugunda kwachiwiriko kukhoza kuchitikira kunja kwa mizere. Lamulo limeneli silinaikidwe ngati mphatso. Munthu wothamanga ndi miyendo amatha kudumphira chammbali m'kanthawi kochepa, pamene njinga siyenda chammbali. Wosewera ayenera kuitembenuza kaye, kuikankha ndi manja onse awiri kwinaku dzanja limodzi litagwira chomenyera, kufika pamene mpira ukugwera, kenako dzanja lomwe lija lisiye gudumu ndi kumenya. Akamenya sangaime, chifukwa njinga yoima imachedwa kunyamuka, choncho amazungulira m'bwalo mosalekeza, nthawi zina atafulatira mnzake uku akuyang'ana mpira chapaphewa. Mapewa ndi mikono zimagwira ntchito ziwiri zimene mwa wosewera woimirira zimagawidwa pakati pa miyendo ndi manja. Masewera amenewa anayambitsidwa mu 1976 ndi Brad Parks wa ku America, analowa mokwanira m'mipikisano ya Paralympics ku Barcelona mu 1992, ndipo kuyambira mu 1998 akhala akuyang'aniridwa ndi bungwe lomwelo la ITF limene limayang'anira tenisi yonse pa dziko lapansi. Mwalamulo ndi mwamachitidwe, imeneyi ndi tenisi.

Zikakhala choncho, manambala a Vergeer ayenera kuikidwa pafupi ndi a ena. Martina Navratilova, amene ambiri amamutcha mfumukazi ya masewerawa, anapambana masewero 74 motsatizana mu 1984. Chris Evert anapambana 125 motsatizana pa mabwalo adothi okha, kuyambira 1973 mpaka 1979. Rafael Nadal anafika pa 81 pa mabwalo adothi omwewo. Kuti munthu apeze mndandanda woposa wa Vergeer ayenera kutuluka mu tenisi n'kupita ku sikwashi, kumene Jahangir Khan wa ku Pakistan amawerengeredwa masewero 555 pakati pa 1981 ndi 1986. M'zaka khumi zija Vergeer anatenga mipikisano 120 ndipo anangotaya maseti 18 okha. Pakati pa 2004 ndi 2006 anapambana maseti 250 motsatizana. Anatenga mendulo zagolide za mmodzimmodzi pa Paralympics inayi yotsatizana: Sydney 2000, Athens 2004, Beijing 2008 ndi London 2012. Pa masewero a awiriawiri anawonjezerapo zagolide zitatu ndi yasiliva imodzi. Mpikisano wotsekera chaka wa Masters, umene amakumanako osewera apamwamba okhaokha, anautenga maulendo 14 motsatizana, kuyambira 1998 mpaka 2011.

Apa ndi pamene wotsutsa wanzeru amalowerera, ndipo mawu ake ndi oyenera kuwamvera. Iye amati manambala amakula pamene opikisana nawo ali ochepa. Atsikana amene amagwira chomenyera tenisi pa dziko lapansi ndi ankhaninkhani, ndipo Navratilova kuti afike pamwamba anadutsa m'khamu lonselo. Atsikana olumala amene ali ndi njinga ya masewera, bwalo ndi mphunzitsi ndi owerengeka. Pa masewero 470 aja Vergeer anakumana ndi anthu osiyanasiyana 73 okha, ndipo maulendo 95 anapambana mnzakeyo osapezako ngakhale gemu imodzi. Wotsutsayo amafunsa ngati chimenechi chili chizindikiro cha ukulu wa wosewera kapena cha kuchepa kwa mpikisano.

Gawo lina la mawu amenewa ndi loona, ndipo wokonda Vergeer sapindula kanthu polikana. Khamu limene iye anatulukamo linali laling'ono poyerekeza ndi la tenisi yoimirira, ndipo masewero ambiri a m'ndime zoyambirira anali a mbali imodzi. Munthu sanganene kuti 470 ya Vergeer ndi yolemera kasanu ndi kamodzi kuposa 74 ya Navratilova, ngati kuti manambalawa anatengedwa m'munda umodzi. Komabe kuvomereza zimenezi sikutseka nkhani, pakuti pali mayankho atatu amene wotsutsayo ayenera kulimbana nawo.

Loyamba ndi lakuti pamwamba penipeni mpikisano unalipo, ndipo unali woluma. Mu Seputembala 2008, pa ndime yotsiriza ya Paralympics ku Beijing, Vergeer anakumana ndi mnzake wa ku Netherlands, Korie Homan. Anatenga seti yoyamba 6-2, anataya yachiwiri 4-6, ndipo m'seti yachitatu Homan anangotsala ndi pointi imodzi kuti atenge golide ndi kudula mndandanda wonse. Vergeer anaipulumutsa pointi imeneyo, n'kupambana setiyo 7-6. M'zaka khumi zonse, umenewu unali ulendo wokhawo umene anafika pakamwa pa kugonja chotere. Pa mpikisano womwewo, pa masewero a awiriawiri, Homan ndi Sharon Walraven anagonjetsa Vergeer ndi Jiske Griffioen pa ndime yotsiriza. Zikuonetsa kuti amene ankalimbana nawo sanali anthu ongodzaza bwalo. Anali osewera odziwa kumumenya, ambiri a iwo a dziko lake lomwe, omudziwa mayendedwe ake onse chifukwa chokumana naye chaka ndi chaka. Griffioen ndi Aniek van Koot, amene ankagonja kwa iye kawirikawiri, anali m'gulu la amene anadzatenga zikho zikuluzikulu iye atachoka.

Yankho lachiwiri ndi lakuti palibe katswiri amene anasankha m'badwo wake. Margaret Court wa ku Australia ali ndi zikho 24 za Grand Slam, ndipo 11 mwa izo anazitengera kwawo, zambiri mwa izo pa nthawi imene osewera ambiri apamwamba a ku Ulaya ndi ku America sankapita ku Australia chifukwa cha kutalika kwa ulendo. Anthu amaitchula mfundo imeneyi, amakangana nayo, koma palibe amene amamufufuta Court m'mbiri ya tenisi. Amamusiya pamndandanda n'kuwonjezerapo ndemanga. Akatswiri a zaka za m'ma 1920, kuphatikizapo Kea Bouman wa ku Netherlands amene anatenga chikho cha ku France mu 1927, ankasewera pa nthawi imene tenisi inali ya mabanja olemera a m'mayiko ochepa. Nawonso amawerengedwa. Ngati kuchepa kwa khamu kuli chifukwa chokwanira chochotsera munthu, theka la mbiri ya masewerawa liyenera kuchotsedwa. Ngati sikuli chifukwa chokwanira kwa Court ndi Bouman, sikungakhale chokwanira kwa Vergeer yekha.

Yankho lachitatu ndi lolemera kuposa enawo. Mndandanda wa zaka khumi suyeza luso lokha. Wosewera aliyense, ngakhale woposa anzake kutalitali, amakhala ndi tsiku limene wadzuka ndi chimfine, phewa likuwawa, ndege yachedwa, kapena mtima uli kwina. Pa tsiku lotero ndi pamene wamng'ono amagwetsa wamkulu, ndipo n'chifukwa chake mindandanda ya akatswiri ena imaduka isanafike patali. Vergeer anadutsa masiku otero kwa zaka khumi osapunthwa. Komanso mndandanda ukamatalika umasanduka katundu. Wolimbana naye aliyense ankalowa m'bwalo alibe chotaya, podziwa kuti akagonja palibe wodabwa, koma akapambana dzina lake lilowa m'mbiri. Vergeer yekha ndi amene ankalowa ali ndi chinthu choti chikhoza kusweka. Umboni wakuti chimenechi sichinali chopepuka unadzaoneka pambuyo pake. Diede de Groot, amene anabadwiranso ku Woerden mu 1996 ndipo analamulira masewerawa mwamphamvu moti anatenga ma Grand Slam onse anayi m'chaka chimodzi mu 2021, 2022 ndi 2023, anafika pa masewero 145 motsatizana, kenako anagonja kwa Li Xiaohui wa ku China mu Meyi 2024. Wosewera wamphamvu chotero sanafike ngakhale pa gawo limodzi la magawo atatu a mtunda wa Vergeer.

Palinso nkhani ya zikho za Grand Slam, imene imafuna kusamala powerenga. Vergeer ali ndi 21 za mmodzimmodzi, ndipo De Groot anapitirira nambala imeneyi mu 2024. Wongoyang'ana manambala anganene kuti wamng'onoyo waposa wamkulu, ndipo De Groot ngoyeneradi ulemu wake wonse. Koma makomo amene awiriwa anapeza otsegula sanali ofanana. Pamene Vergeer ankafika pa nambala 1, mipikisano ikuluikulu inayi ija inalibe malo a osewera panjinga. Australian Open inawatsegulira mu 2002, US Open mu 2005, ndipo Roland Garros mu 2007. Ku US Open, m'zaka za Paralympics monga 2008 ndi 2012, mpikisano wa panjinga sunkachitika n'komwe. Wimbledon, mpikisano wolemekezeka kuposa yonse, inayamba masewero a mmodzimmodzi a panjinga mu 2016, Vergeer atapuma kale zaka zitatu, ndipo woyamba kutenga chikhocho anali Griffioen yemwe uja. Motero mayi amene sanagonje kwa zaka khumi alibe chikho cha mmodzimmodzi cha ku Wimbledon, chifukwa chikhocho kunalibe. Mpata umenewu m'mbiri yake ukunena za ochititsa mipikisano, amene anachedwa kuzindikira zimene zinali pamaso pawo.

Chifundo chija chili ndi vuto linanso: chimabisa mmene zinthu zinachitikira. Nkhani ikakambidwa ngati ya mtsikana mmodzi wolimba mtima amene anagonjetsa tsoka, womvera amatsala ndi maganizo akuti zonse zinachokera mumtima mwake. Mbiri ya mendulo ikunena zina. Kuyambira pamene tenisi ya panjinga inalowa mokwanira mu Paralympics, golide wa amayi wa mmodzimmodzi anapita ku Netherlands maulendo asanu ndi atatu otsatizana: Monique van den Bosch mu 1992, Maaike Smit mu 1996, Vergeer kanayi, Griffioen ku Rio de Janeiro mu 2016, ndi De Groot ku Tokyo mu 2021. Dziko laling'ono silingabale akatswiri motsatizana chotere mwangozi. Vergeer anakumana ndi masewera pa nthawi imene ankalandira chithandizo chophunzirira kugwiritsa ntchito njinga. Anapeza amayi achikulire a dziko lake ali kale pamwamba, oti n'kuwatsanzira ndi kulimbana nawo. Bungwe la tenisi la dzikolo, KNLTB, limayang'aniranso tenisi ya panjinga ngati gawo la ntchito yake. Chakumapeto kwa ntchito yake, ngakhale kuti panalibe womugonjetsa, anayamba kugwira ntchito ndi Sven Groeneveld, mphunzitsi amene anaphunzitsanso akatswiri oimirira monga Ana Ivanovic ndi Maria Sharapova. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la masewero 470 linasenzedwa ndi madokotala, aphunzitsi, okonza njinga, mabungwe ndi anzake omwe ankamuthina m'bwalo.

Mwiniwakeyo anasonyeza kuti akuzidziwa zimenezi. Mu 2004, ali pakati pa ulemerero wake, anakhazikitsa bungwe lotchedwa Esther Vergeer Foundation, lothandiza ana olumala ku Netherlands kuti ayambe masewera. Munthu amene akanakhulupirira kuti chinsinsi chonse ndi mtima wolimba sakanavutika kutsegulira ana mabwalo.

Kufunika kwa mfundo imeneyi kumaoneka bwino munthu akayang'ana kum'mwera kwa Africa. Kgothatso Montjane wa ku Limpopo, ku South Africa, anakhala mayi wakuda woyamba wa dzikolo kusewera ku Wimbledon mu 2018, ndipo ulendo umenewo anayenda wopanda mphunzitsi chifukwa ndalama zinali zosakwanira. Mu 2021 anafika pa ndime yotsiriza ya mpikisano womwewo, kumene anagonja kwa De Groot, ndipo mu 2023 anatenga zikho za awiriawiri ku Roland Garros ndi ku US Open limodzi ndi Yui Kamiji wa ku Japan. Luso la Montjane silikayikitsa. Chimene chinamusiyanitsa ndi amayi a ku Netherlands ndi zimene zinali kumbuyo kwa aliyense. Njinga ya masewera, imene magudumu ake amapendekeka kuti izitembenuka msanga osagwa, ndi yodula, ndipo iyenera kupangidwa molingana ndi thupi la mwini wake. Mipikisano imene imapereka mapointi okwerera pamndandanda wa dziko lonse yambiri imachitikira kutali, ndipo ulendo uliwonse umafuna tikiti ya ndege. Pamenepa ndi pamene mawu a wotsutsa uja amatembenuka. Ngati khamu la osewera panjinga ndi laling'ono, chifukwa chake n'chakuti atsikana ambiri olumala pa dziko lapansi sanapatsidwepo njinga yoyenera ndi bwalo. Mlandu umenewo ndi wa maboma ndi mabungwe a masewera. Kuulipiritsa Vergeer pomuchepetsera ulemu n'kulanga munthu amene anagwiritsa ntchito bwino mwayi umene ena akumanidwa.

Kalankhulidwe nakonso kali ndi gawo lake. Pali mawu amodzi amene amalowa msanga m'chiganizo chonena za munthu ngati Vergeer, ndiwo "ngakhale". Anthu amati anapambana ngakhale ndi wolumala. Mawuwa amamveka ngati oyamikira, koma amanyamula chiweruzo chobisika chakuti kwa munthu wotere kungofika m'bwalo n'kokwanira, ndipo china chilichonse n'chowonjezera. Palibe amene amanena kuti Nadal anapambana ngakhale ndi wamanzere. Amafotokoza mmene dzanja lamanzerelo linkazunguzira mpira ndi kuvutitsa anzake. Momwemonso njinga ya Vergeer ndi mbali ya kaseweredwe kake, yoti ifotokozedwe monga amafotokozera miyendo ya wothamanga: ankaitembenuza mofulumira bwanji, ankaiika pati mpira usanafike, ankabwerera bwanji pakati pa bwalo. Malamulo a masewerawa amaiwerenga njingayo ngati gawo la thupi la wosewera. Chinenero chimene chimatha kufotokoza luso la mlenje, la mmisiri wosula makasu kapena la wovina popanda kumumvera chisoni chingathenso kufotokoza luso la wosewera panjinga. Ngakhale mphotho zapamwamba zimaonetsa mpanda womwewu. Vergeer analandira mphotho ya Laureus kawiri, mu 2002 ndi mu 2008, koma maulendo onse awiri inali ya gawo la ochita masewera olumala. Mphothozo zinali zomuyenera, koma funso limatsala lakuti munthu wosagonja kwa zaka khumi ayenera kuchitanso chiyani kuti aganiziridwe pa gawo la onse.

Ena amadandaula kuti ulamuliro wotere umapha chidwi, chifukwa palibe wofuna kuonera mpikisano umene wopambana akudziwika kale. Dandaulo limeneli limamveka pa masewera alionse amene munthu mmodzi wakula kwambiri, ndipo zimene zimatsatira kawirikawiri zimalitsutsa. Wolamulira amakweza muyeso umene ena onse ayenera kufikapo. Amene ankafuna kumugonjetsa Vergeer anakakamizika kulimbitsa matupi awo, kumenya mwamphamvu ndi kuyesa tenisi ngati ntchito yeniyeni. M'badwo umene unabwera pambuyo pake unapeza mipikisano yonse inayi itatsegula makomo. Mu Seputembala 2024, pa Paralympics ya ku Paris, pa mabwalo a Roland Garros, Kamiji anagonjetsa De Groot pa ndime yotsiriza, ndipo kwa nthawi yoyamba kuyambira 1992 golide wa amayi anatuluka m'manja mwa Netherlands. Kwa anthu a ku Netherlands linali tsiku lowawa, koma kwa masewerawa chinali chizindikiro cha thanzi, pakuti osewera a ku Japan ndi ku China anali atafika pamuyeso umene amayi a ku Netherlands anauika.

Chotsala ndi mmene anachokera. Masewero ake otsiriza a mmodzimmodzi anali ndime yotsiriza ya Paralympics ku London mu Seputembala 2012, pamene anagonjetsa Van Koot 6-0, 6-4. Anali ndi masewero 85 okha kuti afike pa nambala ya Jahangir Khan, mtunda umene pa liwiro lake ukanatenga zaka ziwiri kapena kuposerapo pang'ono. Wokayikira anganene kuti anathawa tsiku logonja lisanafike. Koma munthu amene anayang'anizana ndi pointi ya Homan ku Beijing, n'kupitiriza kuika mndandanda wake pachiswe kwa zaka zina zinayi, sangatchedwe wamantha. Akanakhala woopa kugonja, malo abwino othawira anali pomwepo mu 2008, golide ali m'manja ndipo ngozi ataiona ndi maso. Anasankha kubwerera m'bwalo, anasintha kaphunziridwe kake, ndipo anachoka pa nthawi imene iye mwini anaona kuti zakwana. Atapuma sanatalikirane ndi masewera: wakhala akuyendetsa mpikisano wa tenisi ya panjinga wa ku Rotterdam, ndipo anatsogolerapo gulu la dziko lake ku Paralympics. Mu 2023 analowetsedwa m'nyumba ya ulemu ya International Tennis Hall of Fame ku Newport, m'chigawo cha Rhode Island ku America, mmene mulinso maina a Court, Evert ndi Navratilova.

Dziko la Netherlands lili ndi maina ena olemekezeka pa tenisi. Betty Stöve anafika pa ndime yotsiriza ya Wimbledon mu 1977, Richard Krajicek anatenga chikhocho mu 1996, ndipo Kiki Bertens anakwera pa nambala 4 pa dziko lonse mu 2019. Funso likafunsidwa lakuti katswiri wamkulu wa tenisi amene dzikolo linabala ndani, ambiri amatchula mmodzi wa atatuwa, kenako n'kuwonjezera Vergeer chakumapeto ngati chokumbukira mochedwa. Dongosolo limeneli n'loyenera kutembenuzidwa. Munthu ali ndi ufulu wotsutsa, wonena kuti khamu linali laling'ono, woyerekeza 470 ndi 74 n'kupeza kuti 74 ndi yolemera. Mkangano wotero ndi umene akatswiri onse amakumana nawo, ndipo Vergeer ali ndi mayankho ake: pointi ya ku Beijing, maseti 18 m'zaka khumi, golide anayi otsatizana, ndi 145 ya De Groot imene inaonetsa kutalika kwa mtundawo. Chosayenera n'kumusiya kunja kwa mkanganowo chifukwa choti ankasewera atakhala pansi.